Bowo Limene Ababa Anaboola ku Dedza

Kwathu ku Mtakataka munthu akafuna kumanga nyumba, choyamba amayang'ana kumene kuli mthunzi, chachiwiri kumene mphepo imachokera. Zina zonse zimabwera pambuyo. Amene sanagoneko kwathu mu Okutobala sangamvetse zimenezi. Malata amayamba kuthetheka dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, madzi a mumtsuko amafunda ngati wina wawatereka, ndipo pofika madzulo aliyense watulutsa mphasa pabwalo chifukwa m'nyumba simulowedwa. Ine ndinakulira m'menemo. Mpaka ndikuyamba ntchito, juzi ndinali nayo imodzi yokha, ya yunifolomu ya ku sekondale, ndipo ntchito yake inali yotsamira.

Ndinkaphunzitsa pa pulaimale ina kufupi ndi Golomoti pamene kalata inabwera yoti ndasamutsidwira ku Dedza boma, pamwamba pa mapiri amene tinkangowaona kumadzulo ali bii. Ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zitatu. Bambo ake anali atapita ku Joni, ndipo za iwowo tisayambe, tingachedwe. Ahedi a kusukulu yatsopanoyo anandiuziratu pa foni kuti nyumba za aphunzitsi n'zodzaza, ndidzipezere ya lendi.

Ababa atamva anati, "Ndipita nawo. Mukapita nokha akakupatsani ng'anjo, inu n'kuthokoza."

Ababa anali msodzi, koma atakula anasiyira nyanja anyamata n'kumagula nsomba kudooko, kuzimanga panjinga, kukagulitsa kumsewu. Kumanga ankakudziwanso. Nyumba yathu anamanga okha pansi pa mitengo iwiri ya mango, n'kusiya mabowo olowera mphepo pamwamba pa khoma lililonse, ndipo anthu ankachita kubwera kudzaonera chifukwa inali yozizira kuposa zonse m'mudzimo. Koma chimodzi: Ababa sankalakwa. Ndikutanthauza kuti pakamwa pawo sindinamvepo mawu akuti ndalakwa. Amayi asanamwalire ankati, "Bambo akowa akagwa panjinga amati amafuna kutsika." Ine ankanditchula kuti Aphunzitsi chilandirireni satifiketi, ndipo ankatchula mokweza kuti oyandikana nawo amve.

Tinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, n'kukwera ina yodzera ku Khwekhwerere. Msewu umenewo umazungulira ngati sukudziwa kumene ukupita. Makutu anga anatseka, galimoto ikulira ngati ibwerera m'mbuyo, koma Ababa anali phee pawindo, atavala malaya awo oyera a manja aafupi, opitira ku Misa. Titatsika pa Dedza anatambasula manja, kamphepo kakuwapita m'khwapa, n'kunena kuti, "Ha! Anthu a kuno amadandaula chiyani? Kunotu n'kumwamba." Unali mwezi wa Okutobala umenewo, musaiwale.

Nyumba yoyamba imene anatilozera inali chakumunsi kwa tauni, pamtetete, popanda ngakhale mtengo umodzi. Dzuwa linali litalowa pawindo mpaka pakati pa chipinda. Ababa sanayang'ane denga, sanayang'ane chitseko. Anangoyika chikhatho pakhoma, n'kuchichotsa msangamsanga ngati agwira mbaula.

"Uvuni uwu," anatero. "Mumaphikiramo buledi?"

Eni ake anali abambo achikulire, aatali, olankhula mosathamanga. Anati, "Achimwene, kuno dzuwa timachita kulipira. N'chifukwa chake lendi yake yakwererako."

Ababa anaseka mpaka kugwira mawondo. Kulipira dzuwa! Ulendo wonse wopita ku nyumba yachiwiri ankangobwereza mawu amenewo, n'kumati akafika kumudzi akawauza anzawo a pabawo.

Yachiwiriyo inali kumtunda, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mitengo ya paini, m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Kumbuyo kwake kunali chithanthwe chachitali kuposa denga. Inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, pansi pa simenti, magetsi, mpopi wa panja wogawana ndi mabanja ena awiri. Eni ake anali mayi wamasiye, wonenepa, amene anatilandira atavala chipewa cha ulusi dzuwa lili ng'aa. Atatchula lendi ndinafunsa kawiri, chifukwa inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya kumunsi kuja. Ababa anayika chikhatho pakhoma, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka.

"Aphunzitsi, tabwerani mugwire. Iyi ndiye nyumba."

Ndinagwira. Khomalo linali zii, ngati mtsuko watsopano. Nanenso mtima unakhala m'malo, ndisanamize munthu.

Mayi aja, Mulungu awadalitse, sanatibisire. Anati, "Kumaziziratu kuno. Amene analimo anatuluka mu Julayi."

"Mayi," anatero Ababa, "ife ndife a kunyanja. Mwera timaudziwa, ndagona nawo m'bwato zaka zambirimbiri. Kuzizirako n'kumene tikufuna." Kenaka analowa kuchipinda chogona, n'kupukusa mutu poona kawindo kamodzi. Anapempha kuti awalole kuboola khoma chakumwamba, mbali ya kuphiri, kuti mpweya uzidutsa, mdzukulu wawo asamatuluke thukuta.

Mayi aja anayang'ana Ababa, n'kuyang'ana ine. "Mwati muboole? Khoma langali?" Kenaka anati, "Boolani. Koma mudzatseka nokha."

Lendi ankafuna ya miyezi itatu pakamodzi, monga achitira eni nyumba onse a m'tauni. Ine ndinali ndi ya mwezi umodzi basi. Ababa anati ndisavutike. Patatha sabata tinasamuka, ndipo tsiku lomwelo anatulutsa ndalama zokulunga m'kampango, komanso hamala ndi tchizulo. Ndinawafunsa kumene azitenga ndalamazo.

"Njinga ija inali itatha kale," anatero osandiyang'ana. "Ndimangoikwera poimvera chisoni."

Bodza! Njinga imene ija ankaipukuta Loweruka lililonse ndi kansanza ka mafuta. Inali miyendo yawo popita kudooko, inali miyendo yawo popita ku Misa ku Mua. Ndinafuna kulira koma anali atakwera kale pampando, akugogoda khoma. Anachotsa njerwa zitatu, n'kusalaza m'mbali mwake bwinobwino, n'kukhomapo kachidutswa ka ukonde kuti mbalame zisalowe. Atatsika anaima pansi pa bowolo, kamphepo kakuwawomba pamutu, akumwetulira ngati munthu amene wamaliza kumanga tchalitchi.

Miyezi yoyamba ija ndimaikumbukira ndipo ndimaisowa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo ndinagona osadzuka kukathira madzi pamphasa. Udzudzu kunalibe woti n'kuutchula. Zotupa za thukuta zimene mwana wanga ankakhala nazo m'khosi zinatha m'sabata imodzi. Madzi a pampopi ankachita kupweteka mano. Kumsika mbatata ya kachewere ankaunjika milu ngati mchenga, kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, ndipo mvula itayamba kunabwera mapichesi, amene mwana wanga ankadya mpaka m'mimba kupotokola. Lamulungu tikachoka ku tchalitchi tinkakwera pathanthwe paja n'kumaona tauni yonse pansi pathu, malole akudutsa pamsewu waukulu ngati tinyerere. Ndinkadzimva kuti ndafika, ine mwana wa msodzi.

Koma tauni imadya, abale. Kwathu nkhuni umatola, bonongwe umathyola kuseri kwa nyumba, madzi umapopa pamjigo. Kuno chilichonse chinali ndi mtengo wake, ngakhale tsache. Bilu ya madzi ikabwera mayi eni nyumba ankatiitana tonse pakhonde pawo n'kugawa powerenga mitu, ndipo mlendo akagona masiku atatu naye ankasanduka mutu. Mayunitsi a magetsi ankatha ngati pali wina akumwa. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi nsomba. Kamulu ka usipa kamene kwathu mayi wogulitsa amakuwonjezera ngati basela, kuno ankakatchula mtengo nkhope ili gwa. Tsiku lina ndinamuuza wogulitsa kuti, "Achimwene, usipa uwu kwathu timapatsa amphaka." Anandiyankha kuti, "Ndiye pitani kwanuko mukalimbirane ndi amphakawo." Ndinagula, nanga n'kutani. Malipiro ankatha mwezi usanathe, komabe tinkapulumuka, chifukwa lendi yotsika ija inkatisiyira kopumira. Ndikamva anzanga kusukulu akudandaula za malendi awo, mumtima ndinkati, mulibe bambo odziwa kusankha nyumba.

Kenaka unafika Meyi. Dzuwa linayamba kupendekera kuseri kwa phiri. Poyamba linkafika pakhonde cha m'ma 10 koloko n'kuchoka cha m'ma 2. Kenaka linkangosuzumira masana ngati munthu wodutsa. Pofika pakati pa Juni linasiyiratu. Ndinkaliona lili kumunsi uko, likuwala pa malata a anthu ena, ife tili mumdima wa thanthwe ndi mapaini. M'mawa chifunga chinkatsika m'phiri n'kudzakhala pakhomo pathu ngati nachonso chimalipira lendi.

Mayo ine, chisanu chimene chija! Mwera wa kunyanja ndi masewera. Mwera umawomba n'kupita, ichi chinkalowa m'mafupa n'kukhala. Makoma ankatuluka madzi. Nsapato zanga za ku tchalitchi zinachita chuku, matiresi ankanunkha chinyezi, zovala zinkakhala pachingwe masiku atatu osauma. Choko ndinkalephera kuchigwira m'pheriyodi yoyamba. Ndipo bowo la Ababa lija linkaimba likhweru usana ndi usiku, mphepo yochokera kuphiri ikutsikira pabedi penipeni. Ndinatsekapo ndi chiguduli ndi makatoni, komabe inkapeza podzera.

Ndalama imene ndinkapulumutsa pa lendi inathera pa makala. Thumba limene linkatha mwezi tsopano linkatha masiku khumi, ndipo ogulitsa makala nawo, podziwa nyengo yawo, anakweza. Pa kaunjika majuzi a ana anakwera mtengo ngati ndi atsopano. Ndinagula bulangeti lachiwiri, ndinagula masokosi, ndinagulira mwana chipewa cha ulusi chofanana ndi cha mayi eni nyumba, chimene ndinkachiseka mu Okutobala. Apa m'pamene ndinamvetsa mawu a abambo aatali aja. Dzuwa ukakana kulilipira kwa eni nyumba, umakalilipira kwa wamakala.

Zonsezo ndikanapirira. Koma mwana anayamba kutsokomola. Poyamba ndinati n'chimfine. Kenaka chifuwa chinayamba kulira pakupuma, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Ndinapita naye kuchipatala, anatipatsa mankhwala, anachira pang'ono, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri namwino wina wachikulire anandifunsa kumene timakhala. Nditamufotokozera anayika cholembera pansi.

"Kuseri kwa thanthwe kuja? Mayi, chotsanimoni mwanayu. Mankhwala sangalimbane ndi khoma lonyowa. Mukachedwa tidzamulandira ndi chibayo." Anandichenjezanso kuti ndisamagone ndi mbaula m'nyumba yotseka, chinthu chimene ndinali nditayamba kale kuchita.

Ndinatuluka mutu utaima. Kusamuka kunkafuna lendi ina ya miyezi itatu, imene ndinalibe. Koma ndinene zoona, ndalama sizinali vuto lalikulu, ndikanatha kupempha anzanga a kusukulu. Vuto linali Ababa. Ndikanawauza bwanji kuti nyumba imene anasankha ndi chikhatho chawo, imene anagulitsira njinga, imene ankainyadira pabawo, ndiyo ikudwalitsa mdzukulu wawo? Lamulungu lililonse ankaimba foni pa nambala ya mnzawo wa golosale, ndipo funso linali lomwelomwelo.

"Aphunzitsi, bowo lija likugwira ntchito?"

"Likugwira, Ababa."

Nanga silinkagwira? Ndinkatseka foni n'kukhala pansi, mwana akutsokomola kuchipinda. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi, chifukwa ndinayika nkhope ya bambo anga patsogolo pa chifuwa cha mwana wanga. Ndinkadziuza kuti Ogasiti ali pafupi, dzuwa libwerera, palibe adzadziwe.

Lachisanu lina mu Julayi, nditangoweruka, ndinamva "Odi!" amene ndikanamuzindikira ngakhale pakati pa msika. Ndinasuzumira pawindo. Ababa, dengu la utaka paphewa, malaya oyera a manja aafupi aja, patapata kuphazi. Mukudziwa chimene ndinachita ndisanatsegule chitseko? Ndinathamangira kuchipinda, kukwera pabedi, n'kuzula chiguduli ndi makatoni pabowo paja, kuziponya kunsi kwa bedi. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa ana a eni, mwana akudwala. Uchitsiru wina umachita kubadwa nawo.

Mwana atawaona anakuwa, "Amuna anga abwera!" Paja ankaseleulana choncho, iwo ankamutchula akazi anga. Anathamanga kuti akawakumbatire, koma asanafike chifuwa chinamugwira. Anatsokomola mpaka kugwada, misozi ili mbwee. Ababa anatula dengu, n'kumunyamula, n'kuyika khutu lawo pamsana pake. Anakhala choncho nthawi ndithu.

Pogona ndinawayalira pabalaza n'kuwapatsa bulangeti langa. Anakana. "Chitenje chikwana. Ine ndagona panyanja."

M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde atakhala pampando. Anali atavala juzi yanga ya ku sekondale ija, manja ake akulekezera m'zigongono, pamwamba atafunda bulangeti limene anakana lija, ndi nsalu ya patebulo yomwe. Milomo inali itatuwa. Ndinawapatsa tiyi, anagwira kapu ndi manja awiri osamwa. Ndinadziwa chimene ankachita. Ankadikira dzuwa, monga amachitira munthu aliyense wa kwathu m'mawa wa mwera, podziwa kuti likangotuluka zonse zitha.

Inakwana 7 koloko. Inakwana 9. Chifunga chinachoka, kumunsi kunawala, ife tili chikhalire mumthunzi. Mayi eni nyumba anadutsa ndi ndowa, chipewa chili kumutu.

"Mwadzuka bwanji a kunyanja? Mwera wa kuno mwaumva?"

"Tadzuka, mayi," anayankha Ababa, mawu ali pansi. Pa tsiku lina akanabweza mawu awiri pa amodzi.

Cha m'ma 11 anandiitana. "Aphunzitsi, dzuwa limafika nthawi yanji pano?"

"Mu Ogasiti, Ababa."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Sindinkaseka. Ndipo pamenepo zonse zinangotuluka, mopanda ulemu umene ndinkaukonzekera masabata onse aja. Ndinawauza za makala, za chuku, za mbaula, za namwino ndi chibayo. Ndinawauza kuti bowo lawolo ndimalitseka ndi chiguduli, ndipo dzulo ndachizula chifukwa choopa iwo. Mawu anakwera, ndinalira, ndinafika ponena kuti, "Mayi aja anatiuza, Ababa! Abambo a kumunsi aja anatiuza! Inu mumangoseka!" Chibadwire ndinali ndisanawalankhulepo choncho.

Ndinkayembekeza kuti ati mwanayo anatengera chifuwa kwa bambo ake, kapena kuti simenti ya masiku ano ndi yachabe. Sanatero. Anadzuka, analowa kuchipinda, ine ndikuwatsatira. Anayika chikhatho pakhoma, malo omwe aja a mu Okutobala. Ulendo uno sanachichotse msanga. Atachichotsa chinali chonyowa, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali asanachipukutire kuthalauza. Kenaka anagwada, anakoka chiguduli kunsi kwa bedi, n'kuchibwezera okha pabowo paja.

Anayenera kubwerera Lamulungu, koma anakhala masiku asanu. M'mawa uliwonse, 6 koloko isanakwane, ankavala juzi ija, kumanga bulangeti m'mapewa, n'kutsetserekera kumunsi. Ankapita kukaona kumene dzuwa limayambira kugunda. Ankayenda nyumba ndi nyumba, akuyika chikhatho pa makoma a eni. Mnzanga wina wa kusukulu anandiuza kuti, "Kwathu kukuyenda mkulu wina wozungulira mutu, akumasisita nyumba za anthu." Ndinangoti, "Ndi bambo anga amenewo," iye n'kusowa poyika nkhope.

Tsiku lachitatu anapita ku nyumba yoyamba ija, imene anaitcha uvuni. Anandiuza okha madzulo ake. Munali mutalowa kale anthu, matewera ali pachingwe, owuma gwa nthawi ya 9 koloko. Abambo aatali aja anawazindikira.

"Si inu a buledi aja?"

"Ndine," anavomera Ababa.

"Safunsa anadya phula, achimwene."

"Ndadya," anatero Ababa. "Tsopano ndabwera kudzafunsa."

Mawu amenewo anawafewetsa abambo aja, moti anawatengera kwa mlamu wawo amene anali ndi kanyumba kopanda munthu chapafupi pomwepo. Kanali kakang'ono, chipinda chimodzi ndi pabalaza, kopanda siling'i, chimbudzi chakutali, koma lendi yake yoposa ya nyumba yathu yaikulu ija. Ubwino wake unali umodzi: dzuwa likangotuluka linkayambira pawindo la kuchipinda. Ababa anakambirana nawo monga amakambirana kudooko, mpaka mlamuyo anavomera lendi ya mwezi umodzi m'malo mwa itatu, kuphatikiza dengu la utaka lija lonse. Anapangananso ndi ine kuti mwezi uliwonse azinditumizira nsomba pa minibasi, ndizigulitsa kwa aphunzitsi anzanga, kuti ndalama yowonjezerayo izichokera pamenepo. Sindinafunse kuti kudooko azikafika bwanji opanda njinga. Ndinkadziwa yankho lake, ndipo ndinkaliopa.

Mayi eni nyumba sanavute. Anangoti, "Ndinanena ine. Pitani, mwanayo achire. Koma khoma langa."

"Ndikukumbuka, mayi," anatero Ababa.

Tsiku losamuka, katundu atapita kale pa ngolo, anagula simenti ya pa kilo ku hadiweya, anabwereka mpeni womangira, n'kutola njerwa zitatu zomwe zija, zimene zinali zikadali kuseri kwa nyumba zitamera ndere. Anakwera pampando, ine nditagwira ndowa ya matope, mwana atakhala pakhomo m'chipewa chake. Anazula kaukonde kaja n'kukayika m'thumba. Anayala njerwa yoyamba, yachiwiri. Likhweru lija linkachepa, mpaka pa yachitatu linaleka. M'nyumba munangoti zii.

Akusalaza pulasitala, nkhope ili kukhoma, anayamba kulankhula.

"Aphunzitsi, ine chimene ndimadziwa kupatsa munthu ndi mthunzi. Amayi anu ndinalibe chowapatsa, ndinawapatsa mthunzi. Inu munakulira mumthunzi. Ndimati ndi mdzukulu wanga ndichite chimodzimodzi." Anapaka simenti ina, n'kuisalaza pamalo posalala kale. "Sindimadziwa kuti kuli dziko limene mthunzi umadwalitsa mwana. Ndinalakwa."

Ndowa inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinafuna kunena kuti ayi Ababa, tonse tinagwira khoma lija, tonse tinakondwa. Koma sanadikire. Iwo anatsika pampando, anasamba m'manja, n'kukanjuta patsogolo pa mwana.

"Akazi anga, mundikhululukire. Ndinakupezerani nyumba yoipa."

Mwanayo, posadziwa kanthu, anavula chipewa chake cha ulusi n'kuwaveka. Chinangokhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto. Anapita nacho choncho mpaka pa siteji, osachivula.

Chifuwa chinatha tisanathe masabata awiri m'kanyumba katsopanoko. Tinakhalamo zaka zinayi, mothithikana, tikudya kachewere kuposa mmene munthu ayenera kudyera, koma m'mawa uliwonse dzuwa linkatidzutsa pabedi. Nsomba zinkabwera mwezi ndi mwezi osaphonya, m'katoni yomanga ndi chingwe cha ukonde. Chaka chachiwiri ndinawagulira njinga ina. Anaiyang'ana uku ndi uku n'kunena kuti siingafanane ndi yakale ija, ndipo ndinadziwa kuti Ababa abwerera mwakale. Mawu aja akuti ndalakwa sindinawamvenso mpaka anatisiya.

Pano ndinabwerera kumunsi, ndikuphunzitsa kufupi ndi kwathu, ndipo ndikukhala m'nyumba yawo ya pansi pa mango. Mu Okutobala anthu amabwerabe kudzakhala pakhonde pathu pothawa kutentha kwawo. Mwana uja ali ku sekondale, za bowo sakumbuka chilichonse, amangoseka ndikamamuuza.

Chaka chatha ndinakwera ku boma pa nkhani za ntchito, ndipo nditamaliza miyendo inangonditengera kumtunda. Nyumba ija ilipo, anaipaka laimu watsopano. Ndinazungulira kuseri, mbali ya kuthanthwe. Kunja Ababa sanapake pulasitala wosalala ngati mkati, simenti inali itawathera, choncho malowo akuonekabe: kachigamba kotukuka pang'ono chakumwamba, ndi mizere ya zala zinayi pamene anakanikiza ndi dzanja. Ndinaimirira ndi zala za kuphazi kuti ndifikepo, koma panatalika.

Mayi wina wachitsikana, wobereka khanda, anatuluka n'kundipeza ndili choncho, dzanja lili m'mwamba.

"Mukufuna ndani, mayi?"

"Palibe," ndinatero. "Ndimangoona khomali. Anatseka apa ndi bambo anga."

Anayang'ana chigambacho, n'kundiyang'ana ine, osamvetsa. Ndinamufunsa kuti analowa liti m'nyumbamo. Anati mu Okutobala. Ndiye ndinamupempha mpando, n'kukhala naye pansi kuti ndimuuze za mwezi wa Juni.